Aphunzitsi akuti mwana wanga akaunikidwe, kodi akufuna kum'chotsa sukulu?

Funso

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kumudzi m'boma la Dedza. Mwana wanga wachiwiri ndi mnyamata wa zaka 10 ndipo chaka chino ali mu Sitandade 2 kachitatu. Pakhomo ndi wochangamuka ndithu. Mbuzi amadyetsa yekha, ndipo ndikam'tuma kugolosale amabwera ndi chenji chokwanira. Koma kuwerenga kwam'kanika, ngakhale dzina lake amalemba mosemphanitsa malembo. Ali ndi zaka 4 anadwala malungo aakulu mpaka kukomoka, tinagonekedwa kuchipatala masabata awiri. Tsopano aphunzitsi ake akuti ndipite naye akamuunike kwa aphunzitsi a ana a ulumali. Bambo ake akuti ndi ulesi chabe, agogo ake akuti pali dzanja la munthu. Ine mantha anga ndi akuti akangom'lemba kuti ndi wolumala am'chotsa sukulu, kapena sadzam'lola kulemba mayeso a Sitandade 8. Kodi kuunikako amatani? Ndipite kapena ndingokhala?

Yankho

Pitani naye, mayi. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa kalata yanga italika, ndipo mwina mukuwerenga mphika uli pamoto. Palibe mphunzitsi kapena ahedi amene ali ndi mphamvu yochotsa mwana sukulu chifukwa wapezeka ndi ulumali. Lamulo la anthu a ulumali la 2012 linaletsa kusala mwana pamaphunziro pachifukwa chimenechi, ndipo la 2024 lomwe linalowa m'malo mwake likutetezanso ufulu womwewo. Mayeso a Sitandade 8 nawo adzalemba. Ndipotu pepala lochokera kwa omuunika ndi limene lidzam'thandize nthawi imeneyo, monga ndifotokozere kutsogoloku.

Chimene sindikufuna n'chakuti mupite ngati munthu wokamva chigamulo kukhoti. Ndakhala ndikuunika ana otere zaka zambiri, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ntchito yathu yonse yagona pa funso limodzi: Lolemba m'mawa mwanayu akalowa m'kalasi, n'chiyani chimene aphunzitsi ake, inuyo ndi achipatala muchite mosiyana ndi sabata yatha? Mukabwerako ndi dzina la vuto lokha, kaya lachingerezi lomveka bwino chotani, koma opanda yankho la funso limeneli, ndiye kuti mwangotha ndalama ya minibasi.

Mwana ngati wanuyu akabwera kwa ine, buku ndimayamba ndaliika pambali. Ndimayambira makutu. Mwina munena kuti, "Koma amamva, ndikamuitana amayankha." Kumva mayi ako akuitana pabwalo pali zii n'kosiyana ndi kumva aphunzitsi m'kalasi ya ana oposa 100, pansi pa denga la malata, kalasi ina ikuimba kuseri kwa khoma. Mwana amene makutu ake achepa mphamvu pang'ono amamva kuti munthu akuyankhula, koma maliwu opyapyala monga s, f ndi ts amam'dutsa. Kwa iye "kusamba" ndi "kufamba" ndi mawu amodzi, "tsamba" ndi "samba" chimodzimodzi. Pakhomo amalumikiza yekha poona milomo yanu ndi zimene zikuchitika. Mukanyamula chidebe ndi sopo sangaganize kuti mukum'tuma ulendo. Koma m'kalasi, momwe akumuuza kuti lembo ili liwu lake ndi ili, alibe pogwira.

Mungathe kuyamba nokha madzulo ano. Mukhazikeni pansi, inu muime kumbuyo kwake mtunda wa mkono umodzi kuti asaone pakamwa panu. Atseke khutu limodzi ndi chala, inu munong'one mawu atatu osagwirizana, monga "sefa, thumba, fisi", iye abwereze. Kenaka asinthe khutu, inunso musinthe mawu. Muyesenso m'bale wake kuti mufanizire. Kumeneku si kuyeza kwa chipatala, kungokupatsani poyambira. Ngati akuphonya, kapena ngati khutu lake linatulukapo mafinya, pitani kuchipatala cha boma lanu akaone m'katimo. Nthawi zina amangopeza phula lotseka khutu, n'kulichotsa tsiku lomwelo. Kuyeza ndi makina kumachitika ku Queen Elizabeth ku Blantyre komanso ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe, komwe kwa inu a ku Dedza n'kufupi. Chonde musamuthire mafuta kapena mankhwala azitsamba m'khutu, ndipo musam'tokose ndi mtengo wa machesi.

Sindidzaiwala kamtsikana kena ka Sitandade 3 komwe aphunzitsi atatu motsatizana anati n'kamwano chifukwa akakafunsa sikayankha. Nditakhala nako pansi ndinaona kuti nthawi zonse kamatembenuzira tsaya lamanja kwa woyankhula. Khutu lamanzere linkatuluka mafinya kuyambira kali kakhanda, ndipo m'kalasi kankakhala mphepete mwa khoma, khutu labwinolo litayang'ana kukhomako. Kukasamutsira mbali ina ya kalasi sikunatenge ndi mphindi ziwiri zomwe. Koma zaka zitatu zokalipiridwa zinali zitapita kale.

Tikachoka pa makutu timabwera pa maso. Achipatala ali ndi tchati cha chilembo E choloza uku ndi uku. Mwana amaima pa mtunda wa mamita 6 n'kumasonyeza ndi zala komwe miyendo ya chilembocho yaloza, choncho safunika kudziwa kuwerenga. Inu muyang'ane ngati amafinya maso poona chinthu chakutali, ngati amayandikitsa kope kumphuno, ndipo mufunse aphunzitsi ngati amakopera kwa mnzake m'malo mokopera pabolodi. Kufupi ndi kwanuko chipatala cha Nkhoma chimadziwika ndi za maso, ndipo ku Kamuzu Central kulinso gawo la maso.

Ndipatuke pang'ono, poti kalatayi awerenganso makolo ena. Ana a chialubino pafupifupi onse amaona movutikira, ndipo kwa zaka zambiri kuno kwathu ankatumizidwa kukaphunzira Braille, malembo a anthu osaona owerenga ndi zala, poganiza kuti akamakula adzasiyiratu kuona. Sizili choncho. Chialubino sichipitiriza kufooketsa maso chaka ndi chaka. Ambiri mwa anawa chimene amafuna ndi malembo akuluakulu, malo akutsogolo osawombedwa ndi kuwala kwa pawindo, chipewa, ndi chilolezo chonyamuka kukayang'ana pabolodi pafupi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu a chialubino oposa 134,000 m'dziko muno, ndiye tangoganizani ana angati amene tikanawaphunzitsa kuwerenga ndi zala maso ali nawo, chifukwa chongowayang'ana khungu osawayeza.

Tsopano za malungo aja. Mwachita bwino kuwatchula, ndipo mukakafika musadikire kufunsidwa. Malungo okomola mwana choncho kawirikawiri amakhala atafika muubongo, momwe magazi ogwidwa ndi tizilombo ta malungo amakakamira m'timitsempha ting'onoting'ono, ubongo n'kutupa. Ana ambiri amachira bwinobwino osatsalira kanthu. Koma madokotala a ku Queen Elizabeth omwe anatsatira ana opulumuka matendawa anapeza kuti ena amadzayamba khunyu patapita miyezi, ena amavutika kukhazikika, ena khalidwe limasintha. Chovuta n'chakuti mwana amatuluka m'chipatala akuyenda, akuyankhula, tonse n'kuthokoza Mulungu kuti wachira. Chipsera chimadzaoneka patapita zaka, sukulu ikayamba kufuna kuti asunge zinthu zingapo m'mutu nthawi imodzi.

Pali mtundu wa khunyu umene sugwetsa munthu pansi. Mwana amangoti duu kwa kanthawi kochepa, maso ali gwa, nthawi zina akutafuna pakamwa popanda kanthu, kenaka n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Mum'yang'anitsitse pa nsima. Mukaona waima ndi mbamu m'manja, mukumuitana osayankha, mukum'gwedeza osatembenuka, ndipo zikubwerezabwereza, kauzeni adokotala momwe mwaoneramo. Mwana wongolingalira zake ukamukhudza amadzidzimuka, pamene wa khunyuyu sadzidzimuka. Zikamachitika kangapo pa phunziro limodzi, ndiye kuti phunzirolo akulimva ngati wailesi yodukaduka. Mankhwala ake alipo kuchipatala.

Zonsezi tisanam'patse mwana lembo ndi limodzi lomwe. Ena amadabwa kuti mphunzitsi akutumizanso anthu kuchipatala, koma mutu umodzi susenza denga, ndipo ine sindingaweruze ubongo wa mwana ndisanatsimikize kuti mawu ndi malembo akufikadi kuubongoko.

Kenaka womuunika adzacheza ndi inuyo, ndipo apa inu ndiye katswiri. Adzafunsa za mimba yake, ngati analira atangobadwa, anakhala pansi liti, anayenda liti, anayamba liti kulumikiza mawu, kusikelo ankati chiyani za kulemera kwake. Adzafunsanso zooneka ngati zosakhudzana ndi nkhaniyi: amajomba kangati, makamaka nthawi yolima ndi yokolola, amapita kusukulu atadya kapena ayi, pakhomo mumayankhula chinenero chanji. Mwana wa Chiyao kapena Chitumbuka amene akuyesedwa m'Chichewa akhoza kuoneka wosagwira zinthu pamene vuto ndi chinenero. Musabise kanthu poopa manyazi. Ife tamva zambiri, ndipo sitifunsa kuti tipeze wolakwa.

Pali funso lina limene ine ndimafunsa aphunzitsi, osati makolo, ndipo ena sakondwa nalo: m'kalasi mwanu muno ndi ana angati amene akuwerenga? M'dziko muno muli ana ambirimbiri a Sitandade 2 osatha kuwerenga omwe alibe ulumali uliwonse, n'chifukwa chake boma linayambitsa National Reading Programme, ndondomeko yolimbikitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira, mu 2016. Ngati theka la kalasi silikuwerenga, sindithamangira kuloza mwana mmodzi. Koma mnyamata wanu wamva maphunziro omwewo kachitatu, anzake amene anayamba nawo ali kutsogolo, ndiye aphunzitsi ake sanalakwe kukayikira. Muwathokoze. Ambiri amangom'siya mwana wotere kumbuyo kwa kalasi mpaka atatopa yekha.

Tikafika pa kuwerenga kwenikweniko, ntchito yanga ili ngati ya munthu wofufuza pomwe paipi yaphulika: ndimatsata kuchokera kuchitsime mpaka nditapeza pamene madzi akutayika. Ndimayamba ndi khutu lokha, popanda pepala. Ndimati, "Ndikanena kuti chimanga, uombe m'manja pa phatikizo lililonse." Kenaka, "Pa mawu akuti nyumba tikachotsa nyu, patsala chiyani?" Kenaka, "Mbuzi, mbale, galu: ndi ati akuyamba mofanana?" Mwana amene sakutha kumva kuti mawu amaduka m'zidutswa sangamvetse chimene malembo akuimira, ngakhale mutam'kwapula chaka chonse. Akadutsa apa ndimamuonetsa malembo amodziamodzi anene maliwu ake, kenaka alumikize m ndi a, kenaka maphatikizo olemera monga nkha, mpha ndi tcha.

Ndiye pali kamsampha kamene ndimakakonda. Ndimalemba mawu opanda tanthauzo, monga "zabo" kapena "tefu", n'kumuuza awerenge. Ana athu ndi akatswiri oloweza. Amaimba tsamba lonse pamodzi ndi anzawo mpaka kuligwira pamtima, ndipo ukawapatsa buku la m'kalasi amayang'ana chithunzi n'kuyamba kulakatula, chala chili pa mzere wina. Mawu opekawa sangawaloweze, choncho amaulula ngati mwana akuwerengadi. Pomaliza ndimatseka buku n'kumusimbira kanthano ka kalulu ndi fisi, n'kumufunsa kuti fisi anapusitsidwa bwanji, nanga iyeyo akanatani. Masamu timayesa ndi zitsekero za mabotolo ndi ndalama zenizeni tisanafike pa manambala olembedwa. Ndimam'tumanso zinthu zitatu nthawi imodzi, "Tenga kope, uliike pampando, ukatseke chitseko," kuti ndione zingati zimene akusunga.

Zimenezi zikaikidwa pamodzi zimapereka chithunzi. Mwana amene nthano akuimva bwino, masamu a pamtima akukhoza, koma akugwa pa kudula mawu ndi kulumikiza maliwu, vuto lake lili pa kuwerenga pokha. Ndi limene m'mabuku amalitcha dyslexia, ndipo silikhudzana ndi kuchepa nzeru. Amene akudziwa lembo lero mawa n'kuliiwala, pa zinthu zitatu zija n'kuchita chimodzi, vuto lili pa kusunga ndi kukhazikika, zimene zimagwirizana ndi mbiri ya malungo aja. Pamene mwana amene nzeru zake zikukula mochedwa amatsalira pa zonse, kusukulu ndi kunyumba komwe: kuvala, kutumidwa, kusewera ndi anzake a msinkhu wake. Sindingam'yeze mwana wanu kudzera m'kalata, koma ndikuuzeni moona kuti mnyamata wosunga mbuzi osataya ndi imodzi yomwe, wobwera ndi chenji chokwanira, sakufanana ndi chithunzi chomalizachi. Mawu awiri amene munalemba mongodutsa aja ndi umboni waukulu. Mukawanene.

Zosemphanitsa malembo zisakuopseni pazokha. Ana ambiri ongoyamba kulemba amasokoneza b ndi d, ndipo zimatha akamazolowera. Pa zaka 10 timazilemba ngati chizindikiro chimodzi mwa zingapo. Kusokoneza l ndi r ndiye sindikuwerengera n'komwe, akuluakulufe timasokonezanso.

Chinthu chimene chimandiuza zambiri kuposa zonsezi ndi kum'phunzitsa. Ndimasankha malembo atatu amene sakuwadziwa, n'kum'phunzitsa kwa mphindi 20 m'njira ina: alembe ndi chala pamchenga uku akutchula liwu, aumbe lembolo ndi dongo, alipeze pa paketi ya shuga. Patapita masabata awiri ndimabwerera kukaona chatsala. Apa m'pamene ndimadziwa njira imene imam'gwira mwanayo ndi kuchuluka kwa kubwereza kumene akufuna, ndipo zimenezi n'zimene mphunzitsi wake angagwiritse ntchito. N'chifukwa chake sindikhulupirira kuunika kwa tsiku limodzi. Mwana wakumudzi amene walowa mu ofesi yachilendo, pamaso pa munthu wachilendo, atayenda mtunda wautali, akhoza kungoti chete ngakhale yankho akulidziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Womuunika wabwino amafuna kumuonanso, ndipo amafuna kumuona ali m'kalasi mwake komanso akusewera pabwalo.

Mwina mudzamva za mayeso oyeza nzeru opereka nambala, otchedwa IQ. Ambiri anakonzedwa poyesa ana a ku America ndi ku Britain, ndipo amafunsa zithunzi ndi mawu a moyo wa kumeneko. Mwana wa ku Dedza akalephera kuzindikira chinthu chimene sanachionepo, nambala yotulukapoyo ikunena za kumene wakulira, ndipo ine sindilola kuti itsogolere tsogolo la mwana. Zida zopangidwira kuno zilipo. Chitsanzo ndi Malawi Developmental Assessment Tool, chomwe chinasindikizidwa mu 2010 atachiyesa pa ana a kumidzi ya kuno, ndipo chimayang'ana kayendedwe, kagwiridwe ka zinthu ndi zala, kayankhulidwe ndi kakhalidwe ndi anthu. Ndi cha ana aang'ono osapitirira zaka 6, choncho mnyamata wanu wachipitirira, koma chikusonyeza kuti mwana wa kuno amayenera kufaniziridwa ndi anzake a kuno.

Nanga oti amuunikewo ndi ndani? Ndi aphunzitsi amene anachita maphunziro apadera, ambiri a iwo ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Kumeneko ena amaphunzira za ana osaona, ena za ana osamva, ena za ana ophunzira movutikira, ndipo wanuyu akufunika a gulu lachitatuli. Ena amakhala pa risosi senta, chipinda chapadera chomwe chimakhala pa sukulu wamba, ena amayendera sukulu zingapo. Ndi ochepa, sindikunamizani, ndipo zoni zina zilibe ndi mmodzi yemwe. Pemphani ahedi akulembereni kalata, ndipo ngati sakudziwa kolowera, a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, omwe amapezeka ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu, kapena ofesi ya maphunziro ya pa boma akulozerani. Sukulu zogonera komweko ziliko, monga Mua kwanu konko, Maryview, Mountain View ndi Embangweni za ana osamva, komanso Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje za ana osaona. Koma malo ake ndi ochepa, anthu amachita kulimbirana, ndipo palibe amene angatengere mwana wanu kumeneko inu musanavomere. Ndondomeko ya boma masiku ano ndi yakuti mwana aphunzire ndi anzake pa sukulu ya kwawo, chithandizo chim'peze komweko.

Apa ndiulule tchimo langa. Nditangoyamba ntchitoyi ndinkalemba malipoti a mzere umodzi. Ndikatha kumuyesa mwana ndinkalemba mawu awiri achingerezi akuti slow learner, kutanthauza wophunzira mochedwa, n'kusaina, n'kudinda. Ndinkaona ngati ndagwira ntchito. Tsiku lina ndinabwerera pa sukulu ina patatha chaka, n'kupeza mnyamata amene ndinamulembera mawu amenewa atakhala pakona, opanda kope. Nditafunsa, aphunzitsi ake anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Si uja munati sangaphunzire?" Sindinanene choncho, koma pepala langa silinanenenso china chilichonse. Kuyambira tsiku limenelo sindilemba dzina la vuto popanda kulemba chochita.

Choncho musachoke opanda pepala, ndipo pepalalo likuuzeni zimene mwana akutha, pamene akugwa, ndi zoti zichitike teremu ino. Aphunzitsi amaitcha IEP, kutanthauza ndondomeko ya mwana payekha. Yabwino imakhala yaifupi ndi yowerengeka. Mwachitsanzo, pofika kumapeto a teremu adziwe maliwu a malembo 10 awa ndi kuwalumikiza ndi a, e, i, o, u. Akhale kutsogolo pafupi ndi aphunzitsi. Apatsidwe langizo limodzi pa nthawi. Akumane ndi mphunzitsi wapadera kawiri pa sabata. Kunyumba abwereze mphindi 10 tsiku lililonse ndi m'bale wake. Ndondomeko yofuna kuti mphunzitsi wa ana 120 akhale ndi mwana mmodzi ola lathunthu ndi yongokongoletsa fayilo. Pempho langa kwa aphunzitsi limakhala la zinthu ziwiri kapena zitatu zimene angachite choko chili m'manja. Teremu ikatha mukhalenso pansi muone ngati zatheka. Ngati sizinatheke, chosintha ndi njira. Ngati pepalalo lalembedwa m'Chingerezi, muwauze akumasulireni mzere ndi mzere, ndi ufulu wanu.

Za kubwereza kalasi ndinene maganizo anga mosabisa. Kum'bwereza kachinayi, m'kalasi yomweyo, ndi njira yomweyo, sikudzabala chimene chakanika katatu. Mnyamata wa zaka 10 pakati pa tiana ta zaka 7 amayamba kuchita manyazi, ndipo manyazi ndi amene amachotsa ana ambiri sukulu kuposa ulumali weniweniwo. Ine ndikanakonda apite Sitandade 3 chaka chamawa uku akuthandizidwa kuwerenga pambali. Kuti zimenezi zitheke, mayeso a pa teremu asamuyese kuwerenga pa phunziro lililonse. Ngati funso ndi la masamu kapena la za chilengedwe, aphunzitsi am'werengere, iye ayankhe pakamwa kapena alembe nambala. Kumeneko si kum'kondera. Funso la masamu limene mwana walephera chifukwa sanathe kuliwerenga silinayese masamu ake. Kambiranani ndi ahedi, womuunikayo alipo.

Nthawi ndi yofunikanso pachifukwa china. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro amayenda m'Chingerezi, ndipo Chingerezi sichilembedwa momwe chimatchulidwira ngati Chichewa chathu. Mwana amene wafika kumeneko asanagwire kuwerenga m'chinenero chake amasenza mitolo iwiri. Zaka ziwiri zikubwerazi ndi zimene muyenera kuikapo mphamvu.

Pa mayeso a Sitandade 8, bungwe la Maneb ku Zomba limakonza mapepala a Braille ndi a malembo akuluakulu, ndipo ana ofunika chithandizo chapadera amawonjezeredwa nthawi. Koma Maneb siimudziwa mwana wanu. Imadziwa zimene sukulu yalemba pa nthawi yolembetsa mayina, miyezi yambiri mayeso asanafike. Ndaonapo makolo akubwera kutatsala sabata imodzi kudzapempha mapepala a malembo akuluakulu, mapepala atasindikizidwa kale. Kwa ana osaona njira yake ndi yodziwika bwino, pamene kwa ana ovutika kuwerenga pamafunika kukankha, ndipo chokankhira chake ndi mapepala: lipoti la womuunika, zolemba za kuchipatala, ndi umboni wakuti m'kalasi wakhala akuthandizidwa motero kwa zaka. Sungani chilichonse mu pulasitiki momwe mumasungira buku la kuchipatala, ndipo akadzangolowa Sitandade 8 mudzakumbutse ahedi sabata yoyamba.

Bambo akewo musakangane nawo, mupite nawo limodzi. Abambo ambiri amasintha akaona ndi maso awo mwana akukhoza masamu a ndalama mofulumira, kenaka akutuluka thukuta pa phatikizo limodzi. Mungawafunse mofatsa kuti mwana waulesi angadzuke m'mamawa kukatsegulira mbuzi tsiku ndi tsiku? Chimene chimaoneka ngati ulesi kawirikawiri ndi kuthawa. Mwana amene walephera pamaso pa anzake kambirimbiri amasankha kutchedwa wopulupudza kusiyana ndi kutchedwa mbuli, choncho amataya kope, amaiwala pensulo, amadwala mutu nthawi ya Chichewa. Chikwapu chimangokulitsa kuthawako. Agogo nawo akunena chifukwa chom'konda mdzukulu wawo, ndipo simufunika kuwagonjetsa pa mtsutso. Muwakumbutse za masabata awiri aja m'chipatala, muwauze kuti malungo amasiya chipsera m'kati momwe moto umasiyira pakhungu. Chimene musalole n'chakuti ulendo wa kuchipatala uchedwe, kapena kuti mankhwala amene adokotala angapereke asiyidwe. Ngati kwanuko kuli gulu la PODCAM, bungwe la makolo a ana a ulumali, kachezeni nawo. Makolo anzanu amadziwa zitseko zimene ife a m'maofesi sitizitchula.

Mnyamatayo mumuuze zoona usiku woti mawa mupita. Ana amamva zonse zimene akuluakulu timanong'onezana, ndipo mwina iye akuganiza kale kuti akupita kukaweruzidwa. Muuzeni kuti mukupita kwa aphunzitsi ena amene akufuna kuona njira imene iye amaphunzirira bwino, kuti kulibe jakisoni, ndipo kulibe kukhoza kapena kulakwa. M'mawa adye kaye. Munyamule buku lake la kuchipatala, lakale lija lolembedwa za malungo ngati lilipo, malipoti a mayeso a zaka zonse zitatu, ndi makope ake. Ong'ambika ndi odzaza zolemba zofiira omwewo musawasiye kunyumba poopa manyazi, ndi amene womuunikayo adzayambe kutsegula.